Kodi Munthu Amati Wachidziwa Chisipanishi Akafika Pati?

Kumapeto kwa CV kumakhala kamzere ka zilankhulo, ndipo ndi pamenepo pomwe ngakhale anthu oona mtima amanama osadziwa. Wa ku Rumphi amalembapo Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi, zonse n'kuti amazilankhula bwino. Masiku ano foni zafika ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Chiweta, moti mnyamata wokonda Real Madrid kapena Barcelona atha kuyamba kuphunzira Chisipanishi ali pakhonde kwawo. Pakatha miyezi ingapo, naye amafuna kuchiwonjezera pa kamzere kaja. Mafunso otsatirawa ndi a munthu wotereyu, komanso a bwana amene adzawerenge CV yakeyo.

Kodi kudziwa chilankhulo n'kutani kwenikweni?

Tisanapite ku Spain, tiyambire pa boma la Rumphi. Namwino wochokera ku Mulanje akatumizidwa kudzagwira ntchito kuno, sipatenga nthawi kuti adziwe kupereka moni m'Chitumbuka ndi kunenerera mtengo wa tomato pamsika. Anthu amasangalala naye, amvekere Chitumbuka wachidziwa. Kenako tsiku lina kumagwa maliro ku Nkhamanga, anzake a ku ntchito n'kumupempha kuti aimirire apepese m'malo mwawo, pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a mpingo. Apo lilime limauma. Mawu a pamsika aja alipo ndithu, koma sakukwanira pamalo pomwe munthu ayenera kudziwa woyamba kumutchula, mawu ozungulira onenera imfa, ndi nthawi yokhala pansi.

Namwinoyu sadziwa Chitumbuka? Amachidziwa, koma cha malo ena. Chisipanishi n'chimodzimodzi. Funso loti mumachidziwa kapena ayi lilibe yankho mpaka titafunsa kuti mumatha kuchita nacho chiyani, ndi yani, ndiponso pa nkhani yanji. Pali kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, ndipo zinayizi sizikulira limodzi. Machona ambiri a ku Joni amalankhula Chizulu mosadodoma koma sanalembepo kalata m'chilankhulocho. Ophunzira ambiri a fomu 4 amalemba chimangirizo chabwino cha Chingerezi, koma mzungu akawaimitsa panjira kufunsa kolowera ku Nyika, amangoyang'anana.

Kwa ine, munthu wachidziwa chilankhulo ngati atha kucheza ndi eni ake pa nkhani zomwe sanakonzekere, osamasulira kaye mumtima, ndipo eni akewo osatopa naye. Mfundo yomalizayi imaiwalika kwambiri. Ngati mnzanuyo akuchita kuchepetsa liwiro, kubwereza katatu, ndi kusankha mawu ofewa ngati akulankhula ndi mwana, ndiye kuti katundu wa machezawo akusenza ndi iye.

Pali muyeso wovomerezeka, kapena aliyense amangodziyesa yekha?

Ulipo. Mu 2001 bungwe la Council of Europe linatulutsa ndondomeko yotchedwa CEFR, yomwe imagawa luso la chilankhulo m'magawo 6: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Ubwino wake ndi woti siifunsa kuti mwaloweza mawu angati. Imafunsa zomwe mungathe kuchita.

Wa A1 amanena dzina lake, kwawo ndi mtengo wa zinthu. Wa A2 amagula, amafunsa njira, amafotokoza za banja lake m'ziganizo zifupizifupi. Wa B1 atha kuyenda yekha m'dziko la eni chilankhulo, kusimba zomwe zinamuchitikira dzulo, ndi kupereka zifukwa za maganizo ake, ngakhale amapunthwa. Wa B2 amacheza ndi eni ake popanda wina kulemedwa, amatsutsana nawo, ndipo amamva nkhani zozama za ntchito yake. Wa C1 amagwira nacho ntchito mu ofesi kapena pa yunivesite, n'kumamva ndi zomwe wolankhula sananene poyera. Wa C2 palibe chomudutsa, kaya ndi nthabwala, zining'a kapena chipongwe chobisika.

Ndiye pa magawo amenewa, kulankhula bwino kumayambira pati?

Pa B2. Ena adzakuuzani kuti B1 n'kokwanira, makamaka ogulitsa maphunziro a pa foni, chifukwa B1 imafikika msanga ndipo kasitomala amakondwa. Koma wa B1 akakhala pagulu la anthu anayi olankhula nthawi imodzi, amasowa polowera. Ena amati pokhapokha C2, koma muyeso umenewo ungagwetse ndi eni chilankhulo ambiri pa mbali ya zolemba. Dikishonale ya Real Academia Española, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1713, inali ndi mawu oposa 93,000 m'kope la 2014. Palibe wa ku Madrid amene amawadziwa onsewo, monganso palibe Mchewa wodziwa dzina la udzu uliwonse wa m'dambo.

Wa B2 amalakwitsabe. Chomwe chamusiyanitsa ndi wa B1 n'choti akasowa liwu sangoti kakasi. Amalizungulira, n'kufotokoza chinthucho mwanjira ina, macheza n'kumapitirira.

Kodi ndiyenera kumveka ngati wa ku Spain?

Wa ku Spain uti, nanga bwanji wa ku Spain? Chisipanishi ndi chilankhulo cha boma m'mayiko 20, ndipo anthu pafupifupi 500 miliyoni anayamwira chimenechi. Ambiri mwa iwo sali ku Ulaya. Mexico yekha anawerenga anthu 126 miliyoni pa kalembera wa 2020, pamene Spain sanafike pa 50 miliyoni. Ku United States anthu oposa 40 miliyoni amachilankhula pakhomo. Kuno ku Africa ndi chilankhulo cha boma ku Equatorial Guinea, dziko lomwe linalandira ufulu kuchokera kwa Spain mu 1968.

Onsewa salankhula mofanana. Wa ku Madrid amatchula z ataika lilime pakati pa mano, wa ku Mexico amangoitchula ngati s. Wa ku Argentina pouza mnzake kuti iwe amati vos, pamene ena ambiri amati tú. Ku Cuba ndi ku Chile s ya kumapeto kwa mawu amaimeza. Wa ku Rumphi sangadabwe nazo izi, popeza Chitumbuka cha m'chigwa cha Henga, cha ku mapiri a Phoka ndi cha ku Mzimba komwe kunalowerera Chingoni sizimveka chimodzimodzi, koma palibe amene amafuna womasulira.

Katchulidwe ka kwanu si mlandu. Taonani ansembe ndi masisitere ochokera kunja, ena mwa iwo a ku Spain komweko, amene akhala zaka m'maparishi ndi m'zipatala za mishoni m'dziko muno. Chichewa chawo chimamveka kuti n'cha mlendo mpaka kukalamba, koma amalalikira, amaweruza nkhani za mabanja, amaseketsa agogo. Amenewo ndiwo odziwa chilankhulo. Vuto la katchulidwe limayamba pokhapokha likamasintha tanthauzo.

Chifukwa chiyani ndikawerenga ndimamva, koma akayamba kulankhula sinditolapo kanthu?

Chifukwa amalankhuladi mothamanga. Si makutu anu okha. Akatswiri a pa yunivesite ya ku Lyon ku France, pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2011, anapeza kuti wolankhula Chisipanishi amatulutsa maphatikizo pafupifupi 7.8 pa sekondi, pamene wa Chingerezi amatulutsa pafupifupi 6.2. Kuwonjezera apo, mawu amamatirirana. Liwu lothera ndi vawelo likakumana ndi lina loyamba ndi vawelo, awiriwo amamveka ngati amodzi.

Maphunziro a pa foni amakupatsani chiganizo chimodzichimodzi, chotchulidwa bwinobwino ndi munthu wosafulumira. Pamsewu mulibe zimenezo. Mukafuna kudziyesa moona, tsegulani mpira wa La Liga wokhala ndi oulutsa a Chisipanishi, kapena nkhani za pa wailesi ya boma la Spain, RTVE. Masabata oyamba mudzangomva mayina a osewera ndi kukuwa kwa chigoli. Musakhumudwe, khutu limatseguka mochedwa kuposa diso. Koma musalembe pa CV kuti mumachidziwa pamene mukudalirabe mawu olembedwa pansi pa kanema.

Kodi kwa Mtumbuka kapena Mchewa, chophweka n'chiti ndipo chovuta n'chiti?

Apa pali nkhani yomwe mabuku ambiri sangakuuzeni, chifukwa analembera Angerezi ndi Amereka. Zinthu zingapo zomwe zimazunza mzungu wa ku London, ife tinazidziwa tili kumsana.

Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga momwe timawatchulira ife. Mawu amawerengedwa mmene alembedwera, mosiyana ndi Chingerezi chomwe chimalemba china n'kutchula china. Mawu ambiri othera ndi vawelo amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwenso Chichewa chimakokera. Chilembo chawo cha ñ ndi ny wathu wa mu nyama. Mtumbuka ali ndi mwayi wina wapadera: b wofewa wa pakati pa mavawelo, monga mu Cuba, amayandikana kwambiri ndi ŵ wa mu ŵanthu, ndipo g wa mu amigo ndi mbale wake wa gh wa Chitumbuka. Mngerezi amatha miyezi akulimbana ndi maliwu awiriwa.

Pa malamulo a chilankhulo napo tili ndi poyambira. Mneni wa Chisipanishi amanena yekha amene akuchita: hablo, hablas, hablamos ndi ndimalankhula, umalankhula, timalankhula. Kusiyana kwake n'koti iwo amasintha kumapeto, ife kumayambiriro. Ali ndi aneni awiri, ser ndi estar, pomwe Chingerezi chili ndi mmodzi, ndipo ophunzira a ku Amereka amalira nawo. Koma ifenso timati uyu ndi mphunzitsi, kenako n'kuti ali ku Bolero kapena ali bwino, osasokoneza ndi ndi ali. Sizigwirizana paliponse, koma njira yake ndi yomweyo. Ngakhale kusintha kwa mneni ponena zofuna ndi zokhumba, komwe aphunzitsi amakuona ngati phiri lalikulu la B2, ife timakuchita tsiku lililonse: timati ukubwera, koma ndikufuna kuti ubwere. Ndipo za ulemu, kusiyanitsa tú ndi usted, n'kusiyanitsa iwe ndi inu, kapena iwe ndi imwe. Mwana woleredwa bwino kuno safuna kuuzidwa kawiri.

Zovuta zilipo, ndipo chachikulu ndi l ndi r. Kwa ife awiriwa amasinthana popanda chovuta. Kaya munena Kalonga kaya Karonga, basi ikakutsitsani pamalo amodzi. M'Chisipanishi muli maliwu atatu osiyana: pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro wa r wogubuduza ndi galu. Chachiwiri ndi chizolowezi chathu choika vawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto kwa mawu, moti tres amasanduka tiresi. Chachitatu ndi mayina, omwe onse ndi aamuna kapena aakazi, tebulo ndi mpando womwe. Kugwirizanitsa mawu ndi gulu la dzina si kwachilendo kwa anthu okhala ndi magulu a mayina oposa khumi, koma gulu la dzina lililonse muyenera kuloweza. Pamwamba pa izo pali aneni osatsata lamulo, ndipo mwatsoka ndi omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Langizo langa ndi loti mukakumana ndi lamulo latsopano, muzifunsa kaye kuti kwathu timanena bwanji, musanadzere ku Chingerezi. Nthawi zambiri njira ya kwathu ndiyo yachidule.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la United States, Foreign Service Institute, inawerengerapo maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti wolankhula Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chisipanishi. Amenewo ndi anthu osankhidwa, ophunzira tsiku lonse m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo ntchito ya kunyumba sinawerengedwe. Inu mukamapatula ola limodzi tsiku lililonse osaphonya, maola amenewo ndi zaka ziwiri. Poti mulibe mphunzitsi pafupi, ndipo magetsi ndi bandulo zili ndi nyengo zake, onjezeranipo.

Ulendowu uli ngati kukwera msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia: makona oyamba mumawadutsa mukuseka, mukafika pakati mumaona ngati mukungozungulira pamodzimodzi, chonsecho mukukwera. A1 ndi A2 zimabwera msanga. Pakati pa B1 ndi B2 ndi pomwe ambiri amasiyira, chifukwa mawu atsopano saonekanso phindu lake tsiku lomwelo. Wokuuzani kuti mudzachidziwa m'miyezi itatu akunena za A2, ngati sakungofuna ndalama zanu.

Chichewa tinachiphunzira zaka zambiri ku sukulu, koma ena timaphotcholabe. Chisipanishi sichidzatero?

Chidzatero mukachiphunzira mwanjira yomweyo. Mu 1968 chipani cha Malawi Congress Party chinagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi ya MBC, komwe chinabwereranso mu 1994. Kuyambira 1968 mwana aliyense wa ku Rumphi wakhala akukumana ndi Chichewa m'kalasi. Koma funsani amene amachilankhula bwino kuti anachitola kuti. Adzakuuzani za sukulu yogonera komweko, za ku usilikali, za ku Kawale kapena ku Ndirande komwe anakachita lendi, za banja lomwe anakwatirako. Chingerezi nacho n'chimodzimodzi. Popanda kuchikhoza munthu salandira satifiketi ya MSCE, komabe si onse okhala ndi satifiketiyo angayankhe mafunso a intavyu osatuluka thukuta.

Kalasi imapereka mafupa a chilankhulo, koma kulankhula kumabwera pomwe mwakakamizika kumvana ndi munthu amene alibe njira ina yokumverani. Ku Rumphi munthu wotere wa Chisipanishi sapezeka pamsika, choncho muyenera kumufuna dala. Pa intaneti pali anthu a ku Colombia kapena ku Spain ofuna woyeserera naye Chingerezi. Mumagawana nthawi, theka chanu, theka chawo. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp sadya bandulo yambiri. Ndipo muwapemphe kuti azikukonzani, chifukwa anthu aulemu amangomwetulira mukalakwitsa. Safunsa anadya phula.

Nanga satifiketi yake ndi iti?

Yodziwika kwambiri ndi DELE, yomwe imaperekedwa ndi Instituto Cervantes m'dzina la unduna wa maphunziro wa ku Spain. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1991, ndipo nthambi yake yoyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara inatsegulidwa ku Dakar, Senegal, mu 2021. Pa DELE mumasankha nokha gawo lomwe mukufuna kulemba, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo mumakhoza kapena kulephera. Satifiketi yake siitha ntchito. Palinso SIELE, yolembera pa kompyuta, yomwe imakupatsani malikisi ndipo imagwira ntchito zaka zisanu. Mlendo wofuna unzika wa Spain, pa mbali ya chilankhulo, amafunsidwa DELE ya A2 yokha, zomwe zikusonyeza kuti pepala lililonse lili ndi ntchito yake. Wofuna kukaphunzira digiri yophunzitsidwa m'Chisipanishi akonzekere B2.

Pa mayeso a MANEB pali Chifalansa koma Chisipanishi palibe. Wofuna pepalali akonzekere kufufuza malo olembera ndi ndalama ya ulendo.

Munthu akachidziwa, angachiiwalenso?

Kwambiri. Ngakhale chilankhulo choyamwira chimachita dzimbiri. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja, ankalankhula pa misonkhano m'Chingerezi, wina n'kumamasulira. John Msonthi ndi John Tembo anagwirapo ntchito imeneyo. Chonsecho Kamuzuyo ankakonda kuwongolera anthu pa Chichewa cholondola, ndipo mu ulamuliro wake munakhazikitsidwa Chichewa Board mu 1972. Kudziwa malamulo a chilankhulo ndi kuchilankhula pagulu ndi zinthu ziwiri.

Ngati zinatero kwa Kamuzu ndi chilankhulo cha kwawo ku Kasungu, kuli bwanji chomwe mwachipeza mutakula? Choyamba kuthawa ndi kulankhula, kenako kulemba. Kumva ndi kuwerenga kumakhalitsa. DELE ya B2 yomwe munalemba zaka khumi zapitazo imanena za munthu wa nthawi imeneyo.

Kunena zoona, wa ku Rumphi chingamuthandize chiyani?

Pachokha, si kwambiri, ndipo ndisakunamizeni. Alendo okwera ku Chelinda kudzera pa geti la Thazima, kapena okaona njovu ku Kazuni m'nkhalango ya Vwaza, ambiri amabwera ndi Chingerezi. Wochita malonda odutsa pa Songwe kupita ku Mbeya ndi Dar es Salaam apindula msanga ndi Chiswahili. Woyang'ana ku Tete ndi Nampula akufunika Chipwitikizi, chomwe ndi chibale cha Chisipanishi, moti wodziwa chimodzi savutika kuwerenga chinzake. Ndipo ngati Chingerezi chanu chikadali chotsimphina, yambani mwachiza chimenecho.

Koma kwa amene ali kale ndi luso lina, kaya unamwino, ulimi wa khofi, zachilengedwe kapena zaumulungu, Chisipanishi chimatsegula makomo omwe anzake sawaona. Ndi chimodzi mwa zilankhulo 6 za bungwe la United Nations, ndiponso chili m'gulu la zilankhulo za African Union. Mayiko ngati Colombia, Honduras ndi Guatemala, omwe alimi a khofi a ku Phoka amapikisana nawo pa msika wa dziko lonse, amalemba nzeru zawo zambiri m'chilankhulochi. Woperekeza alendo amene angalandire gulu la ku Spain m'chilankhulo chawo sakhala ndi opikisana naye ambiri kuno kumpoto. Komanso palibe amadziwa komwe moyo udzamuponye. Tabitha Chawinga, mwana wa boma lomwe lino, mpira wamufikitsa ku Sweden, China, Italy ndi France. Ndani akanamuuza ali wamng'ono kuti ayambe chilankhulo chiti?

Ndiye pa CV paja ndilembe chiyani?

Lembani gawo, osati mawu okometsera. Musanalembe, dziyeseni pa zinthu zovuta kubera. Imbirani foni mwini chilankhulo, popanda kanema woti muzionana manja, mucheze mphindi 20 pa nkhani yomwe wasankha iye. Mufotokozereni mmene fodya amachokera ku nazale mpaka kukafika ku okushoni ku Mzuzu, kapena chifukwa chake anthu amasonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya, zinthu zomwe buku lililonse la Chisipanishi silinakukonzekeretseni. Mutsutseni pa mfundo ina mwaulemu. Mverani nkhani za pa wailesi kamodzi kokha, kenako mumuuze wina zomwe zanenedwa. Lembani kalata yodandaula popanda kuthamangira ku Google Translate.

Mukakwanitsa zonsezi, ngakhale mukupunthwa apa ndi apo, lembani B2 mosaopa. Ngati mwakwanitsa zina, lembani B1, kapena nenani kuti mumawerenga bwino koma kulankhula mukuphunzirabe. Bwana wanzeru amalemekeza zimenezo. Ndipo inu mabwana, musamangokhulupirira kamzere kaja: pezani wodziwa chilankhulocho acheze naye wofunsira ntchitoyo kwa mphindi zisanu musanamulembe.